Mankhwala a khansa okutidwa m'mafuta: ndi phukusi liti lingatithandize kuno ku Blantyre?

Mwezi wathawu mlongo wanga wa ku Johannesburg ananditumizira uthenga pa WhatsApp pakati pa usiku. Amalume athu a ku Ndirande ali ndi khansa ya pakhungu ija madokotala amaitcha Kaposi sarcoma. Miyendo inatupa, ndipo madontho akuda anakwera kufika m'ntchafu. Mlongo wangayo anali atamva kuti kunja kuli mankhwala a "nano", okutidwa m'timipira tating'onoting'ono, amene amalunjika pa chotupa penipeni osakhudza thupi lonse. Funso lake linali lalifupi: achimwene, tisonkhe tigule? Poti pabanja pathu amene anaphunzirako za mankhwala ndine, nkhani inagwera ine. Zimene ndinamuyankha ndi zimene ndalemba apazi, ndangozikonzako.

Choyamba chimene ndinamuuza n'chakuti ambiri mwa mankhwala amenewa si atsopano ayi. Zili m'katimo ndi kemo yomwe ija ya kale. Chatsopano ndi phukusi lake. Ndiye poyerekeza, tisamafunse kuti amphamvu ndi ati. Tizifunsa kuti phukusili likuwapititsa kuti, likuteteza chiwalo chiti, ndipo likubweretsa vuto lanji lomwe kunalibe.

Phukusilo limapangidwa bwanji

Aliyense amene anatsukako mbale za nyama ya nkhumba amadziwa kuti mafuta ndi madzi sagwirizana. Koma pali mtundu wina wa mafuta, wopezeka m'chikasu cha dzira ndi mu soya, wotchedwa phospholipid, umene uli ndi mutu wokonda madzi ndi michira yothawa madzi. Ukauika m'madzi umadzisanja wokha m'mizere iwiri, michira kuyang'anana m'kati, mitu kunja, kenaka n'kudzitseka kukhala kampira kokhala ndi kadontho ka madzi pakati. Khoma la maselo athu linamangidwa chimodzimodzi, n'chifukwa chake thupi silikudabwa nako kwenikweni. Amene anaona timipira timeneti koyamba ndi Alec Bangham, ku Babraham pafupi ndi Cambridge, m'zaka za m'ma 1960, ndipo tinapatsidwa dzina loti liposome. Ta mankhwalati timakhala tokula pafupifupi ma nanometre 100. Kuti timipirati tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, tiyenera kundandalika mazanamazana.

Chifukwa chovutikira kukuta mankhwala chimaoneka bwino tikatenga doxorubicin, dilipi yofiira ija imene ambiri odwala khansa ya m'mawere amaidziwa. Inachokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Italy, ndipo imapha maselo a khansa ndithu. Vuto ndi lakuti imadyanso mtima pang'onopang'ono, moti madokotala amawerengera yonse imene munthu walandira moyo wake wonse, ndipo ikafika pakati pa 450 ndi 550 mg pa sikweya mita ya thupi amaimitsa, ngakhale ikugwira ntchito. Tsono mitsempha ya magazi ya mumtima ndi yolukana bwino, kampira ka ma nanometre 100 sikangadutse khoma lake mosavuta. Mitsempha ya m'chotupa ndiye imamangidwa mwaphuma, ili ngati dengu lakale lokhala ndi mipata. Kampira kakamazungulira m'magazi kamadutsa mtima, koma kakafika pa chotupa kamagwera m'mipatamo n'kukhala momwemo. Akatswiri a ku Japan, Matsumura ndi Maeda, ndi amene analongosola zimenezi mu 1986.

Pano ndi pamene otsatsa malonda amakometsera. Mu 2016 gulu la ku Toronto linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka khumi wochitidwa pa mbewa za mu labu, n'kupeza kuti mwa timipira tonse tobayidwa, tofika pa chotupa tinali pafupifupi 0.7 pa 100 tokha. Tambiri timathera m'chiwindi. Ndiye mawu oti "amalunjika pa chotupa" muziwamva ndi khutu limodzi.

Kemo yosakutidwa, yomwe tili nayo kale

Sitingayerekeze mapukusi osayamba taona chimene chili kale m'manja mwathu. Kwa zaka zambiri odwala Kaposi m'Malawi muno ankalandira vincristine, kapena vincristine pamodzi ndi bleomycin, poti ndi zomwe zinkapezeka. Kenaka panachitika kafukufuku wamkulu m'maiko angapo a mu Africa ndi ku Brazil, Malawi ali momwemo, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Onse anali pa ma ARV. Patatha masabata 48, mwa amene analandira paclitaxel, 64 pa 100 alionse matenda anali asanapitirire, pamene mwa a bleomycin ndi vincristine anali 44. Mapilitsi a etoposide, omwe ambiri ankawayembekezera poti safuna dilipi, ndiye anatsalira kutali.

Paclitaxel ali ndi zake. Sasungunuka m'madzi, choncho amamusakaniza ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku mafuta a nsatsi, ndipo amenewa ndi amene amawenga anthu ena. N'chifukwa chake anesi amayamba akupatsani dexamethasone ndi ena oletsa kuwenga dilipi isanayambe. Tsitsi limathothoka, asilikali a m'magazi amatsika, ndipo zala ndi mapazi zimachita dzanzi. Kwa munthu amene mapazi ake anali kale ndi dzanzi, mwina chifukwa cha shuga kapena ma ARV akale aja a stavudine, limeneli si vuto laling'ono. Koma ndi wotsika mtengo, botolo lake silifuna filiji, ndipo umboni wake unapezeka pa anthu ngati ife, osati pa mbewa.

Liposome yopanda chovala

Timipira toyamba tinali tamafuta okhaokha. Thupi likationa limatiyesa zinyalala, ndipo maselo osesa a m'chiwindi amatimeza m'maola ochepa. Ngakhale zili choncho timatetezabe mtima, chifukwa mankhwala satuluka onse nthawi imodzi. Myocet, yemwe analoledwa ku Europe mu 2000 pa khansa ya m'mawere yofalikira, ndi wa mtundu umenewu. Amabwera m'mabotolo atatu oti wa ku famase asakanize ndi kutenthetsa tsiku lomwelo, ntchito yoti ine sindingaifunire famase ya boma yokhala ndi mzere wofika panja. Panalinso DaunoXome, wa Kaposi yemweyu, amene analoledwa mu 1996 koma anasiya kupangidwa. Mtundu uwu tiusiye apa. Kuno sutikhudza kwenikweni.

Liposome yovala PEG: apa ndiye pali nkhani yathu

Kuti timipira tisamezedwe msanga, akatswiri anatibveka tiulusi ta polyethylene glycol, mwachidule PEG, timene timakoka madzi n'kuphimba kampira konse, maselo osesa aja n'kumakadutsa osakazindikira msanga. Yechezkel Barenholz ndi Alberto Gabizon a ku Jerusalem ndi ena mwa amene anagwira ntchito yaikulu pamenepa. Zotsatira zake ndi Doxil, doxorubicin wokutidwa chotero, amene ku Europe amamutcha Caelyx. Doxorubicin wamba amachoka m'magazi kulowa m'minofu m'mphindi zochepa, koma wokutidwayu pamatenga masiku awiri ndi theka, kapena kuposerapo pang'ono, kuti theka lake lichoke m'magazi. Akamazungulira nthawi yaitali chotero, mwayi wogwera m'mipata ya dengu lija umachuluka.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pamene boma la America linaloleza Doxil mu 1995, linamuloleza pa Kaposi sarcoma ya anthu omwe ali ndi HIV. Mankhwala oyamba a khansa a "nano" anapangidwira matenda omwe lero achuluka kuno kwathu kuposa kumene anapangidwirako. Ndipo si mwangozi kuti amagwira bwino pa Kaposi: chotupa chake n'cha mitsempha ya magazi yokhayokha, yodontha kale, ndiye timipira timadzazamo kangapo konse kuposa pakhungu labwino. Kafukufuku wa mu 1998 anaonetsa kuti zotupa zinaphwa mwa odwala 59 pa 100 amene analandira wokutidwayu, kuyerekeza ndi 23 mwa a bleomycin ndi vincristine.

Nanga akayerekezedwa ndi paclitaxel? Apa mpamene mlongo wanga anakhumudwa. Kafukufuku wa ku America amene anawaika awiriwa pamodzi anapeza kuti pa kubweza zotupa ndi kuchepetsa ululu ndi kutupa, amafanana ndithu. Kusiyana kunali pa zowawa zake: a paclitaxel anavutika kwambiri ndi dzanzi, kuthothoka tsitsi ndi kutsika kwa magazi. Pa khansa ya m'mawere nkhani ndi yomweyo. Amayi oposa 500 atagawidwa pawiri, ena doxorubicin wamba ena wokutidwa, nthawi imene matenda anaima inali yofanana, pafupifupi miyezi 7 mpaka 8 mbali zonse. Koma mitima ya olandira wokutidwa inavulala mochepa kwambiri, tsitsi linatsala, nseru inachepa. Mwaona? Phukusi silinawonjezere mphamvu. Linachepetsa chiwonongeko. Chimenecho n'chachikulu kwa mayi amene mtima wake ndi wofooka kale, kapena amene analandirapo dilipi yofiira kufika pa malire aja. Amagwiritsidwanso ntchito pa khansa ya m'mabasiketi a mazira ikabwereranso, komanso pa khansa ya m'mafupa yotchedwa multiple myeloma.

Koma phukusi likatseka khomo lina limatsegula lina. Poti timipira timakhalitsa m'magazi, timadonthanso m'timitsempha ta m'zikhatho ndi kuphazi, makamaka pamene pakukhuzika, pakutentha kapena pakutuluka thukuta. Khungu limayamba kuyabwa ndi kutentha, limada, limatupa, nthawi zina limachita matuza n'kusupuka. M'mabuku a azungu amalangiza kuti wodwala apewe kuyenda mtunda wautali, madzi otentha ndi ntchito zamanja kwa masiku angapo akalandira dilipi. Ndinaseka ndekha powerenga. Muuzeni zimenezo bambo wa kabaza wa ku Chirimba, kapena mayi woyenda pansi kuchoka ku Bangwe kukagulitsa tomato ku Limbe mwezi wa Okutobala. Mwayi wake ndi wakuti pa Kaposi mlingo ndi wochepa, 20 mg pa sikweya mita masabata awiri kapena atatu alionse, pamene pa khansa ya mabasiketi a mazira umafika 50 mg, choncho vuto la manja ndi mapazi silikula kwambiri. Zilonda za m'kamwa zimabweranso, ndipo ena tsiku loyamba amamva kubanika ndi kupweteka msana dilipi ikathamanga, n'chifukwa chake amaiyamba pang'onopang'ono.

Mu 2023 bungwe la WHO linaika doxorubicin wokutidwayu pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, pa matenda a Kaposi. Zimenezi sizitanthauza kuti mawa adzakhala pa shelefu ya chipatala chilichonse. Zimangopatsa boma ndi a Central Medical Stores Trust chifukwa chomveka chomuikira pa bajeti. Kwa anansi athu ku Maputo, a Médecins Sans Frontières anamugwiritsapo kale ntchito pa odwala Kaposi, ndipo zinaonetsa kuti n'zotheka m'chipatala cha kuno kwathu.

Ena a m'banja lomweli

Alipo ma liposome ena amene anachitadi zoposa kuteteza. Vyxeos, wa mu 2017, amanyamula mankhwala awiri m'kampira kamodzi, cytarabine ndi daunorubicin, pa muyeso wa 5 kwa 1 umene susokonekera m'njira. Pa mtundu wina wovuta wa khansa ya m'magazi mwa achikulire, anatalikitsa moyo kuchoka pa miyezi pafupifupi 6 kufika pafupifupi 10. Onivyde, wa mu 2015, ndi kemo ya irinotecan yokutidwa, wa khansa ya pancreas. Onsewa mtengo wake ndi woti ungagulire nyumba, ndipo Vyxeos amafuna chipatala chokhala ndi magazi ndi ma platelet (tizidutswa tothandiza magazi kuundana) okwanira kwa masabata angapo, poti amagwetseratu mafuta a m'mafupa. Panalinso Marqibo, vincristine wokutidwa, yemwe analoledwa mu 2012 koma anachotsedwa pa msika mu 2022 umboni womaliza utalephera kupezeka.

Ena anayesa nzeru yooneka yokoma: timipira tosungunuka tikamva kutentha, kuti dokotala atenthetse chotupa ndipo mankhwala atulukire pomwepo. ThermoDox anayesedwa chotero pa khansa ya chiwindi kawiri konse, mu 2013 ndi mu 2020, ndipo maulendo onse awiri sanapambane. Ndimatchula zimenezi dala, chifukwa pa intaneti mudzapeza zithunzi zokongola za nzeru ngati zimenezi, koma simudzapeza ambiri akunena mmene zinathera.

Timipira ta mafuta ouma

Mtundu wina ulibe madzi pakati. Ndi kambulu ka mafuta ouma, ngati majarini a m'filiji, mankhwala atasakanizidwa m'mafutamo. Amautcha solid lipid nanoparticle, ndipo unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi Rainer Müller ku Germany ndi Maria Rosa Gasco ku Italy. Ubwino wake ndi woti zopangira zake n'zotchipa, ndipo umanyamula bwino mankhwala osasungunuka m'madzi. Vuto lake mayi aliyense wophika angalimvetse: mafuta akamauma amadzipanikiza n'kutulutsa kunja zomwe zinali m'kati, ndiye botolo likakhalitsa mankhwala amathawamo. Anakonza posakanizako mafuta amadzi pang'ono kuti mukhale malo, n'kuutcha nanostructured lipid carrier. Mitundu iwiriyi yalowa kwambiri m'mafuta odzola. Koma monga dilipi ya khansa yoti dokotala akulembereni, idakali mu labu. Wina akakugulitsani kabotolo kapena tiyi wa "nano" ponena kuti ndi za mtundu umenewu ndipo zimachiza khansa, sungani ndalama zanu, ndipo a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority akhoza kufuna kumva za iye.

Timipira tonyamula uthenga

Wotsiriza ndi wosiyana ndi onse, ndipo amene anabayitsa katemera wa Covid wa Pfizer analandira kale mtundu umenewu m'mkono mwawo. Sunyamula poizoni wopha maselo. Umanyamula kachidutswa ka RNA, komwe ndi uthenga wouza selo chimene lipange kapena lisiye kupanga. RNA payokha imawonongeka m'magazi nthawi yomweyo, ndiye popanda phukusi palibe chingachitike. Apa phukusi ndiye mwini nkhani. Lili ndi mafuta apadera amene amasintha likamezedwa ndi selo, n'kuboola kathumba komwe lagweramo kuti uthenga utuluke. Mankhwala oyamba a mtundu uwu, Onpattro, analoledwa mu 2018, koma si a khansa.

Pa khansa akuyesa katemera wopangira munthu mmodzi: amadula chotupa, amawerenga zimene zasintha m'maselo ake, n'kulemba uthenga wophunzitsa asilikali a m'thupi kuzizindikira. Kumapeto kwa 2022 makampani a Moderna ndi Merck analengeza kuti pa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, katemera wotere pamodzi ndi pembrolizumab, mankhwala odzutsa asilikali a m'thupi, anachepetsa chiopsezo choti matenda abwerere kapena munthu amwalire ndi 44 pa 100, kuyerekeza ndi pembrolizumab yekha. Anali kafukufuku wa anthu osakwana 200. Ndi nkhani yosangalatsa kwa ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ndikanakhala wachinyamata ndikanaitsatira. Koma kwa wodwala wa lero ku Blantyre ndi ya mtsogolo: imafuna makina owerengera ma jini, fakitale yopangira munthu mmodzi, ndi mafiliji ozizira kwambiri.

Zikafika pa Ginnery Corner

Wina angaganize kuti ma liposome ndi zinthu za maiko olemera zokha. Iyayi. Ku Gulupu konkuno, chipatala cha Queen Elizabeth cha pa Ginnery Corner, komanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kunachitikira mbali ya kafukufuku wa AMBITION, yemwe anaonetsa kuti dilipi imodzi yaikulu ya AmBisome, yomwe ndi mankhwala opha fangasi a amphotericin okutidwa m'mafuta, pamodzi ndi mapilitsi, imagwira ntchito mofanana ndi dilipi ya masiku 7 ya amphotericin wamba pa matenda oumitsa khosi obwera ndi fangasi wa cryptococcus, ndipo siwononga impso ndi magazi ngati wamba uja. Zotsatira zinatuluka mu 2022 ndipo WHO inasintha malangizo ake chaka chomwecho. Si khansa, koma phunziro lake n'lomwelo: botolo lodula likhoza kutuluka lotchipa likachepetsa masiku ogona m'chipatala, magazi oikidwa ndi maulendo a wodikirira.

Pa doxorubicin wokutidwa masamu ake sanafike poyera chotero. Mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa wamba ndi paclitaxel, ndipo umalipidwa ndi ndalama zakunja zomwe tonse tikudziwa mmene zikusowera. Amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akauma ngati ayezi timipira timasweka, ndiye filiji ya pakhomo yomangozima ndi kuyaka si malo ake, chikwama cha m'basi yochokera ku Johannesburg ndiye ayi ndithu. Kupanga kwake n'kovuta moti mu 2011 fakitale imodzi ya ku Ohio itapezeka ndi mavuto, Doxil anasowa dziko lonse lapansi, mpaka America anachita kuitanitsa Lipodox wa ku India. Kuyamba mankhwala amene simungathe kuwamaliza n'koipa kuposa kukhala pa amene akupezeka mwezi ndi mwezi. Ndipo milingo yake si yofanana ndi ya doxorubicin wamba: kusinthanitsa mabotolo awiriwa mamiligalamu omwewo kwavulazapo anthu. Amasungunulidwa m'madzi a shuga a dextrose 5 pa 100 okha, osati a mchere.

Ndiye kwa mlongo wanga ndinati: amalume ali pa paclitaxel, zotupa zikuphwa, ma ARV akumwa mosadumphitsa, ndipo pa Kaposi ma ARV ndiwo maziko, kemo imangomanga pamwamba pake. Palibe chifukwa chosinthira. Tsiku limene dzanzi lidzafike poti akulephera kumanga mabatani a malaya kapena nsapato ikuvuka osamva, kapena zotupa zikadzayambanso kukula ali pa mankhwala omwewa, pamenepo tidzapita kwa dokotala wawo n'kufunsa mwaulemu ngati wokutidwayo angapezeke, kudzera kuchipatala kapena ku famase yovomerezeka, ndi mabotolo okwanira maulendo onse. Ndalama imene mlongo wanga anasonkha ndi anzake inapita ku minibasi ya masabata atatu alionse, mazira, usipa, ndi nsapato zofewa zokulirapo nambala imodzi, poti mwendo wakumanzere sunaphwe wonse.